Senti wa Kapitawo

Anandilanda njinga ya atate anga. Wondilandayo ndi mkulu wa mpingo wathu, ndipo anachita izi masana, pakhomo pa amayi anga, anthu akuonerera. Onse anati munthu wa Mulunguyo sanalakwe. Inali njinga yakuda, yolimba, ya keriyala imene atate anakaotcheretsa kwa amisiri a panjanji kuti izinyamula mitolo ya nsomba. Atate atamwalira anasiya njingayo ndi jekete lobooka m'zigongono. Jekete anatenga amalume. Anasiyanso ine, wosamaliza Sitandade 5, koma ine panalibe wondilimbirana.

Sukulu ndinasiya chifukwa cha fizi, osati chifukwa cha mutu. Ndikuyambira pamenepa chifukwa m'Kafue muno muli anthu amene ankakopera masamu kwa ine, lero amavala tayi ku Boma, ndipo tikakumana panjira amayang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndeke.

Munthu amene sanakhalepo m'Kafue mwezi wa Okutobala sadziwa fungo. Pali nsomba zouma zodikira sitima pa siteshoni, utsi wa malasha, matope a kumtsinje madzi akaphwera, ndi zimbudzi za ndowa za m'komboni ya njanji. Tinabadwira m'menemo tonse ndipo silinaphepo munthu. Koma zaka za Chitaganya zino anthu anayamba kuchita manyazi ndi matupi awo. Aliyense ankafuna kununkhira ngati dona wa ku Lusaka, dona yemweyo amene sitolo yake salola kuti ulowemo, amakuponyera katundu pawindo la kumbali.

Mkulu wa mpingo uja anaona msika pamenepo. Anagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'hotela ku Bulawayo, ndipo anabwerako ndi mawu ofewa, nsapato zoyera, ndi njira yoitanitsira chibotolo chachikulu cha mafuta onunkhira amene ife timati senti. Chinkabwera pa sitima, m'bokosi la udzu. Iye ankachitsanulira m'timabotolo totalika ngati chala, n'kuwonjezera sipiriti kuti achuluke, n'kumata kapepala kojambula duwa. Senti wake anali wa mtundu umodzi basi, wofiira, wotsekemera mpaka kukhosi. Ukatsegula kabotolo kamodzi m'nyumba, ngakhale nshima inkamveka duwa.

Anandiitana tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, amayi ali pomwepo.

"Mwana wanga, ine ndi atate ako tinachokera dera limodzi ku Nyasaland. Sindingamakuone ukuzungulira pa siteshoni ngati galu wa asodzi. Tenga bokosi la senti. Pakutha pa mwezi undipatsa zanga, zotsala n'zako."

"Nanga akapanda kugulidwa, bambo?"

"Chimene wadalitsa Mulungu sichikanika. Koma poti malonda ndi malonda, njinga ija ikhale chikole. Uziikwerabe, palibe akukuletsa."

Amayi anagwada n'kuwomba m'manja. Ine ndinavomera chifukwa ndinali nditatopa ndi kupempha tiki, makobiri atatu a sopo, kwa mkazi wamasiye.

Anandiphunzitsanso kalankhulidwe. "Usamangoti senti. Uziti ndi mankhwala a mtima. Kadontho pa pilo, munthu agona tulo tabwino. Kadontho pa kansalu ka m'thumba, mutu usiya kuwawa. Mkazi wolongolola akanunkhiza, afatsa." Nditamufunsa ngati zimenezo n'zoona, anandiyankha kuti wodziwa ndi amene wagula.

Ndinkagulitsa bwino, ndipo ndinkanyansidwa nazo. Ndinkamanga bokosi pa keriyala n'kuzungulira komboni ya njanji, msika, mpaka kumisasa ya asodzi kumtsinje. Makalaliki ankagula mobisa, ati n'za alongo awo, mawa lake ukawadutsa akununkhira duwa kuyambira m'khosi. Mesenjala wina wa ku Boma, munthu wodana ndi madzi chibadwire, ankathira senti pamwamba pa thukuta la sabata yonse n'kumayenda ngati bwanamkubwa. Msodzi wina anandigwira dzanja kundithokoza kuti mkazi wake tsopano akugona tulo. Sindinamuuze kuti mkaziyo akugona chifukwa iye akuchezera kumadzi.

Ogula enieni anali atsikana opita kudansi Loweruka. Ankakhala pamthunzi kuseri kwa msika akulukana tsitsi.

"Iwe wa senti, bwera tinunkhizeko."

"Kununkhiza ndi tiki."

"Shani, wati chani? Wayamba kugulitsa na mphepo?"

"Iyi ni mphepo ya ku Bulawayo, ba sisi. Ya kuno ni ya mahala, yosalipira, yendani ku nsomba mukapume."

Ankanditukwana, ankaseka, kenaka n'kumasula mfundo za pansalu. Amayi anga okha ndiwo sanagwirepo kabotolo. Iwo ankadzolabe mafuta a nsatsi ndi kuika masamba a mpungabwi kunsi kwa mphasa, ndipo ankati wofiirayo amawachititsa nseru. Koma kwa anzawo ankanyadira kuti mwana wawo ndi wa bizinesi.

Mwezi woyamba ndinalipira zonse n'kutsala ndi kanga. Pamene Okutobala ankayamba ndinatenga bokosi lalikulu, chifukwa kunkabwera ukwati wa mwana wa mphunzitsi ndipo akazi onse a mbali ya mkwatibwi anali atandilonjeza.

Ukwatiwo usanafike, kunagwa maliro. Kapitawo wa gulu lokonza njanji, munthu wa mpingo wathu, wamkulu thupi ndi wokondedwa, anangogwa pambali pa njanji ali pantchito, osadzukanso. Nyengo yotentha chotere munthu amaikidwa mawa lake, aliyense amadziwa. Koma kunabwera lamya yochokera kwa mkulu wake wa ku mgodi wa Wanki, yoti asaike mphwake iye asanafike. Mwini maliro akalankhula palibe amatsutsa. Anthu anakhala pansi kudikira sitima ya kumwera.

Mtembo unagona m'nyumba ya njanji, ya chipinda chimodzi, ya malata. Amayi a mpingo anayesa zimene ankadziwa. Anayala mchenga wonyowa, anafukiza masamba a chanzi, anatseka mawindo, kenaka anatsegulanso. Oimba nyimbo anayamba ali m'nyumba, anatulukira pakhonde, kenaka anapezeka ali patsinde pa mtengo kutsidya kwa njira, akuimba chokweza kuti zioneke ngati ali pafupi.

M'mawa wina ndikupopa njinga, ndinamva odi. Anali amayi apampando a gulu la amayi a mpingo, mzimayi wamkulu wa duku loyera amene mawu ake ankamveka m'tchalitchi kuposa belu. Anabwera ndi anzawo awiri. Amayi anga anawayalira mphasa.

"Tabwera ndi vuto la mpingo," anatero amayi apampando. "Bambo aja m'nyumbamo zinthu zavuta, ndipo sitima akuti mpaka mawa. Mnyamata, tipatse timabotolo tako."

"Tingati, amayi?"

"Tsegula tione."

Ndinatsegula. Anatapa ndi manja awiri ngati akutapa mtedza, n'kumathira m'nsalu ya mnzawo. Ine ndinkawerenga chamumtima. Atafika pakati pa bokosi anasiya.

"Nanga ndalama, amayi?"

Amayi anga ananditsina pantchafu. Amayi apampando sanayang'ane ine, anayang'ana amayi.

"Anzanga, mwana uyu mwamulera bwanji? Munthu ali gone m'nyumba, iye mtima uli pa ndalama. Za maliro sizivuta. Tidzaona tikaika."

Amayi anapepesa m'malo mwanga. Alendowo ananyamuka, timabotolo tikulira m'nsalu.

Chimene anthu anzeru aja sanachidziwe n'chakuti senti sachotsa fungo. Amangokwera pamwamba pake. Anathira pa mabulangete, pa bokosi, pa zitseko, ananyowetsa tinsalu n'kugawira oimba ndi onyamula maliro kuti azigwira pamphuno. Mafungo awiriwo anayamba alimbana, kenaka anagwirizana n'kukhala chinthu chimodzi chimene sindinachimvepo chibadwire, chotsekemera ndi chowola pamodzi, chomata kukhosi. Ndipo Kafue yense anabwera kudzachipuma. A njanji anapatsidwa masana opuma, amsika anatseka, asodzi anakwera kuchokera kumtsinje. Bokosi linadutsa pakati pa tauni dzuwa lili paliwombo, fungo likutsogola ngati mtanda.

Mkulu wa malemu anali atatsika sitima m'mawa womwewo, atavala chikhoti chachikulu pa kutentha konseko, kuti tidziwe kuti ku Wanki kuli ndalama.

Kwathu kuli mwambo, ndipo ndi mwambo wabwino. Manda akakwiriridwa, asanabalalike anthu, wina amaimirira n'kufunsa ngati alipo amene malemu anamukongola, kapena amene anakongola kwa malemu, kuti anene pomwepo munthu apite wopepuka. Mukachoka kumanda nkhani yatha. Tsiku limenelo wofunsayo anali mkulu wa mpingo yemwe uja, mwini senti, atagwira kansalu koyera pamphuno.

Telala anaimirira, anati buluku. Mkulu wa malemu anatapa m'mbale ya chipepeso n'kumulipira. Mayi wina wophika mowa analankhula chapansipansi, anthu anayang'ana kumbali, naye analipidwa. Ndinaona mbale ikuchepa. Ndinaimirira.

"Ine, bambo. Za senti."

Wa ku Wanki anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mphwanga anagula senti kwa iwe?"

"Anamutengera amayi a mpingo. Dzulo."

"Dzulo mphwanga anali kuti?"

"Anali atamwalira."

"Ndiye wakufa anakutuma kuti umubweretsere senti?"

Adzukulu, amene pamaliro amaloledwa kunena chilichonse, anali atatsamira makasu awo. Mmodzi anati, "Musamukanize mwana. Mwina akapitawo amafuna kukafunsira kumene apitako." Anthu anaseka m'tinsalu tawo tonunkhira, tonunkhira ndi katundu wanga.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero mkulu wa mpingo, mofatsa ngati akudalitsa chakudya. "Pano tikunena ngongole za malemu. Iyo si yake."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule ndalama zake, koma amayi apampando anayambitsa nyimbo, ndipo mawu awo palibe angawapose. Amayi anga anandikoka malaya mpaka ndinakhala.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mpira. Ndinapita kwa amayi apampando, anati, "Kodi ndinadzola ine? Pita kwa eni maliro." Ndinapita kwa eni maliro. Namfedwa anali pamphasa atametedwa, ndipo azichemwali ake anandithamangitsa ndisanakhale n'komwe, ati munthu wosiyidwa salankhulidwa za malonda. Wa chikhoti anali atakwera kale sitima ndi zotsala za m'mbale. Ndinapita kwa msungichuma wa gulu la amayi, anati nkhani yotere imafuna msonkhano. Msonkhano unakhala, ndipo unapeza kuti ine ndinachititsa manyazi mpingo kumanda, choncho ndiyambe ndapepesa, zinazo adzaona. Ndinapepesa, nditaimirira pamaso pa azimayi okhala pa mabenchi, chipewa chili m'manja. Anandikhululukira ndi mtima wonse. Za ndalama anati azipempherera.

Ndinatsalabe ndi theka lina la bokosi. Ndinaganiza kuti ndikaligulitsa mwachangu ndipulumuka. Ndinapalasa kupita kuseri kwa msika kwa atsikana aja, n'kutsegula kabotolo monga mwa masiku onse.

Woyamba anabweza mutu ngati wamenyedwa. "Chotsa, chotsa. Ufuna tinunkhe kapitawo?"

"Ni senti yemwe uja munagula mwezi watha, ba sisi."

"Wanga ninataya mu chimbudzi. Yenda ukagulitse ku manda, kuli makasitomala ako."

Dzina linamera pomwepo. Senti wofiira anasanduka kapitawo m'Kafue monse. Mtsikana wina wa ku misasa, amene sanapite kumaliro, anadzola n'kupita kudansi, ndipo anyamata anavula zipewa n'kumufunsa kuti mwambo wa maliro uyamba nthawi yanji. Anabwerera kwawo akulira. A mbali ya mkwatibwi anatuma mwana kudzandiuza kuti ndisayerekeze kufika pafupi ndi ukwati. Mesenjala uja anandipeza pa siteshoni ndi kabotolo kotsala madontho, akufuna ndimubwezere ndalama zake zonse. Awa ndi anthu omwe aja ankalumbira kuti senti ameneyu amawagonetsa tulo ndi kuwachiza mutu.

Ndinayesa kutali, kumafamu ndi kumidzi ya m'mbali mwa njanji, koma mbiri imayenda mofulumira kuposa njinga. Tsiku lina ndili ndekha pafupi ndi mlatho ndinatsegula kabotolo n'kununkhiza, kuti ndione ngati anthuwo akungopenga. Nthawi yomweyo ndinaona nyumba ya malata ija, ntchentche pa windo, ndi bulangete lotuwa. Opusa aja sankanama, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Mwezi utatha mkulu wa mpingo anabwera ndi mwana wake wamwamuna. Anakhala pampando wa atate, analandira madzi, anafunsa za miyendo ya amayi. Kenaka anati tione za malonda.

Ndinamuikira patsogolo ndalama zochepa zimene ndinali nazo pamodzi ndi timabotolo totsala.

"Katundu akatuluka sabwerera, mwana wanga."

"Theka linatengedwa ndi mpingo wanu, bambo. Munalipo. Munanunkhiza nokha. Akandilipira amayi aja, zanu zonse zikwana lero lomwe."

"Mpingo ndi wa Mulungu," anatero. "Malonda ndi anga. Tisasakanize."

Amayi anagwada, anatchula atate, anatchula kwawo ku Nyasaland, anapempha mwezi umodzi wokha. Iye anawadzutsa ndi manja awiri, nawauza kuti zimamupweteka kuposa ife, koma akalekerera mmodzi ndiye kuti waphunzitsa achinyamata onse kusakhulupirika. Mwana wake anali atagwira kale mahandulo. Njinga imeneyo mtengo wake unali wa mabokosi angapo a madzi ofiira aja, ndipo aliyense woonerera ankadziwa. Anangoti chikole ndi chikole. Mnyamatayo sankatha n'kukwera komwe. Anapita akupepeluka, phazi limodzi likukhula pansi, mpaka anakhota pa mpopi.

Zimene zinatsatira n'zimene zinandiphunzitsa kuti munthu uja anabadwira malonda. Mvula isanagwe anaitanitsa chibotolo china, chobiriwira, chonunkhira ngati ndimu, ndipo mwana wake anayamba kuchizunguza pa njinga ya atate anga ndi mawu omwe aja a pilo ndi mutu. Atsikana aja anagula. Makalaliki anagulira alongo awo. Wofiira sanamutaye ayi. Anamusunga wa maliro, anakweza mtengo, ndipo amafuna ndalama patsogolo. Gulu la amayi tsopano lili ndi thumba lapadera la zimenezo, amasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo amanyadira kuti maliro a mpingo wathu ndi aulemu kuposa a Akatolika.

Anatumanso mwana wake kudzandiuza kuti, mwa chifundo, angathe kutenga timabotolo tanga totsala pa kobiri kobiri. Ndinamuuza adikire. Ndinapita kuchimbudzi n'kutsanulira tonse m'ndowa, kamodzikamodzi, iye akumva. Madzulo ake anthu a mzere wathu wonse anayamba kufika pakhomo mwakachetechete, akazi atafunda nsalu kumutu, kudzafunsa amayi kuti wamwalira ndani. Amayi sanandilankhule mpaka Lamlungu.

Tsopano ndimanyamula mitolo ya nsomba pa siteshoni, pamutu, kuchotsa pa ngolo kukweza m'sitima. Ntchito imene atate ankagwira ndi mawilo ine ndimagwira ndi khosi. Ndimanunkha nsomba kuyambira Lolemba mpaka Loweruka ndipo sindipepesa kwa munthu. Njinga ndimaiona pafupifupi tsiku lililonse. Anaipaka utoto wobiriwira, ndipo tcheni chake chimalira chifukwa mwini watsopanoyo sadziwa kuti chimafuna mafuta.

Posachedwapa amayi apampando anabwera pa siteshoni, akupita kumsonkhano wa amayi ku Lusaka, atavala zoyera, akununkhira ndimu kuyambira pa geti. Anandikodola ndi chala kuti ndiwakwezere sutikesi. Ndinakweza. Atakhala pa benchi pafupi ndi windo anatulutsa kansalu n'kugwira pamphuno.

"Mwana iwe, ukadali mnyamata, uzidzisamala. Sopo ndi kasenti pang'ono sizipha munthu. Mkazi wake uti adzakulola ukununkha chonchi?"

Anamasula mfundo n'kunditambasulira tiki pawindo.

"Sungani, amayi. Muphatikize pa zija."

"Ziti?"

Panalibe nyimbo yoti ayambitse, ndipo amayi anga sanalipo kuti andikoke malaya. Ndinatchula ngongole ya senti ija mokweza, kuti amve ndi a m'chipinda chotsatira. Iwo anabweza tiki yawo m'nsalu n'kutembenukira windo la mbali inayo, ngati kumeneko kuli chinthu choti aone kupatula milu ya malasha. Sitima inanyamuka nawo.

Sanandipatse, ndipo pamene ndikulemba pano ngongoleyo ikadali mapaundi awiri ndi masheleni anayi.